Miyala Khumi ndi Nambala Yotembenuka

Ana inu, tolani miyala khumi. Ikhale ing'onoing'ono, yokwana m'manja. Iwerengeni mokweza: 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7, 8, 9, 10. Pemphaninso kwa amayi kambale ka njere za cimanga. Awuzeni kuti mudzabweza, nkhuku sizidya.

Makolo ndi akulu awo a anawa, phunziro ili ndi lanunso. Mwana wa kalasi yoyamba sangawerenge masamba onsewa yekha. Khalani naye pabwalo dzuwa lisanalowe. Inu muziwerenga pang'onopang'ono, iye azigwira miyala ndi njere. Ndime zina nzolembera inu akulu. Mukafika pamenepo mwana angomvera, kapena apite kukasewera. Si zomaliza tsiku limodzi ayi.

Kugawa ndi kubzala

Gawani miyala khumi ija pawiri, ikhale milu iwiri. Mungayike mwala umodzi uku, 9 uko. Mungayike iwiri uku, 8 uko. Yesani njira zonse. Mupeza 1 ndi 9, 2 ndi 8, 3 ndi 7, 4 ndi 6, 5 ndi 5. Mukapitirira pamenepo mwayamba kubwereza zomwe zija, milu yangosinthana malo.

Tsopano tiyeni tibzale munda wamasewera. Mulu woyamba utiwuza mizere. Mulu waciwiri utiwuza mapando a mzere uliwonse. Tinene kuti milu yanu ndi 3 ndi 7. Lembani pansi mizere itatu ndi kamtengo. Pa mzere uliwonse ikani njere 7, phando lililonse njere imodzi. Werengani njere zonse. Zakwana zingati? Zakwana 21.

Kuwerenga kotere akulu amati kuculukitsa. Timalemba 3 × 7 = 21. Si cinthu cacilendo. Bawo la agogo lili ndi mizere 4, ndipo mzere uliwonse uli ndi mayenje 8. Mayenje onse ndi 32. Kuculukitsa nkomweko.

Bzalani minda yonse isanu, umodziumodzi. Muwona izi:

Milu ya 1 ndi 9: njere 9.
Milu ya 2 ndi 8: njere 16.
Milu ya 3 ndi 7: njere 21.
Milu ya 4 ndi 6: njere 24.
Milu ya 5 ndi 5: njere 25.

Ndi munda uti wadya njere zambiri? Ndi wa 5 ndi 5. Uyang'aneni bwino. Mbali zake zonse zinayi nzofanana. Pa Cipwitikizi cinthu cotere amati quadrado. Ife tiziti kwadradu.

Abambo ndi amayi omanga mpanda wa dimba, apa pali phindu lanu. Tinene kuti bango limene mwadula likwana mpanda wa mapazi 20 kuzungulira. Ndiye kuti mulitali ndi mulifupi mukaziphatikiza zikwana mapazi 10. Dimba lowonda ngati njoka, la mapazi 9 mulitali ndi phazi limodzi mulifupi, lidya bango lonselo, koma mkati mwake mulowa tizigawo 9 tokha ta phazi limodzi mbali zonse. Dimba la 5 ndi 5 lidya bango lomwelo, mkati mwake tizigawo 25. Bango silibwera lokha kucokera kudambo, limacita kusenzedwa pamutu. Tsono musanazike mitengo, yambani mwayeza.

Cilape!

Nacize!

Gawani miyala khumi milu iwiri, kuti pobzala munda udye njere 40.

Yesani. Sunthani miyala uku ndi uko. Bzalaninso. Kodi mwafika pa 40? Simunafike. Wina anganene kuti tiyeni tiswe mwala umodzi pakati. Cabwino, milu ikhale 4 ndi theka, 5 ndi theka. Akulu akaculukitsa apeza 24 ndi kagawo pamwamba, koma 25 sakwana.

Makolo, mwana akanena kuti sizitheka, wanena zowona. Musamukalipire kuti ndi ulesi. Ndi miyala sizithekadi. Muyamikeni, kenaka mumufunse kuti cifukwa ciyani.

Njere zimathawira kuti?

Konzaninso kwadradu wa 5 ndi 5. Cotsani mzere umodzi. M'manja muli njere 5, pansi patsala mizere 4. Tsono wonjezani njere imodzi kumapeto kwa mzere uliwonse. Mizere ilipo 4, comweco njere 4 zalowa. Imodzi yatsala m'manja, yasowa phando. Munda tsopano ndi wa 4 ndi 6.

Bwererani pa 5 ndi 5. Ulendo uno cotsani mizere iwiri. M'manja muli njere 10, pansi patsala mizere 3. Wonjezani njere ziwiri pa mzere uliwonse. Zalowa 6. M'manja mwatsala 4. Munda ndi wa 3 ndi 7. Mukacotsa mizere itatu, m'manja mutsala njere 9. Mukacotsa inayi, mutsala 16.

Tawonani manambala otsalawa: 1, 4, 9, 16. Sanabwere mwangozi. 1 ndi 1 × 1. 4 ndi 2 × 2. 9 ndi 3 × 3. 16 ndi 4 × 4. Mwala umodzi ukasamuka kucoka pa mulu wina kupita pa unzake, munda utaya njere imodzi. Miyala iwiri ikasamuka, munda utaya 2 × 2. Itatu ikasamuka, utaya 3 × 3.

Lamulo lake ndi ili. Yambani pa 25. Werengani miyala yosamuka. Nambala imeneyo iculukitseni ndi iyo yokha. Zimene mwapezazo zicotseni pa 25. Nthawi zonse tikucotsa, sitikuwonjeza. Ncifukwa cake munda sungapitirire 25.

Njira ya ku Baghdad

Anthu anazindikira zimenezi kalekale. Ku Baghdad, mzinda wa m'dziko la Iraq, kunali katswiri wa masamu dzina lake al-Khwarizmi. Ca m'ma 820 analemba buku la Ciarabu lophunzitsa kupeza nambala yobisika. Liwu lakuti álgebra, limene ana a ku sekondale amalimva m'kalasi, linacokera pa dzina la buku limenelo. Iye sanalembe ndi zizindikiro monga ife. Analemba zonse ndi mawu, ngati munthu wolangiza mnzake njira ya kumudzi.

M'bukumo muli funso lapacibale ndi lathu, la 10 ndi 21. Njira yake imayenda motere. Tengani theka la 10, ndiye 5. Culukitsani 5 ndi 5, mupeza 25. Cotsanipo 21, patsala 4. Tsono funsani: ndi nambala iti imene ikaculukitsidwa ndi iyo yokha ibala 4? Ndi 2. Nambala yotere timati muzu. Muzu wa 4 ndi 2, muzu wa 9 ndi 3. Pa Cipwitikizi amati raiz quadrada, ndipo cizindikiro cake ndi √. Pomaliza cotsani 2 pa 5, mupeza 3. Wonjezani 2 pa 5, mupeza 7. Milu ija yatuluka yokha, popanda kuyesayesa.

Muzu ndiwo miyala yosamuka ija. Mwawona?

Tiyeni tiyike 40 m'njira yomweyi. Theka la 10 ndi 5. 5 × 5 ndi 25. Cotsanipo 40. Apa ndiye phazi lakodwa. Pa njere 25 mucotsa bwanji 40? Al-Khwarizmi anawona msampha umenewu. Anacenjeza owerenga ake kuti zikafika potere funsolo lilibe yankho, ndipo analekera pomwepo.

Ngongole nayonso ndi nambala

Koma amayi amadziwa kucotsa 40 pa 25. Muli ndi mametikali 25. Mwatenga mcere ndi sopo za mametikali 40 kwa wogulitsa amene mumadziwana naye. Mwatsala ndi ciyani? Mwatsala ndi ngongole ya 15. Timalemba −15. Kamzere kali kutsogoloko katanthauza ngongole. Ku India, katswiri wina dzina lake Brahmagupta analemba malamulo owerengera cuma ndi ngongole m'caka ca 628, al-Khwarizmi asanabadwe nkomwe.

Ana inu, tiyeni tiyiwone ngongole pansi. Khomani cikhomo pakati pa bwalo. Cikhomoco ndi 0. Lembani mzere wautali wodutsa pacikhomo, kucokera kum'mawa mpaka kumadzulo. Phazi limodzi kum'mawa ndi 1, mapazi awiri ndi 2. Kumeneko nkwa cuma. Phazi limodzi kumadzulo ndi −1, mapazi awiri ndi −2. Kumeneko nkwa ngongole. Musafufute mzerewo, tiwufunanso.

Tsono 25 kucotsapo 40 ndi −15. Njira ya ku Baghdad ikuti tipeze muzu wa −15. Tifuna nambala yoti ikaculukitsidwa ndi iyo yokha ibale ngongole.

Tiyifune kum'mawa. 4 × 4 ndi 16, ndi cuma. Nambala iliyonse ya kumeneko ibala cuma. Tiyifune kumadzulo. Apa pafunika kumvetsera bwino, cifukwa ngakhale ana a ku sekondale amagwa pamenepa. Tinene kuti nthawi ya njala munabwereka mbale ziwiri za ufa kwa anansi atatu, aliyense mbale ziwiri. Ngongole yonse ndi mbale 6. Timalemba 3 × (−2) = −6. Tsiku lina anansi atatu aja akuti, "Basi, musabweze." Ngongole zitatu zacotsedwa. Kodi mwaluza kapena mwapindula? Mwapindula mbale 6, zimene zikanatuluka m'nyumba koma sizituluka. Timalemba (−3) × (−2) = 6. Kucotsa ngongole nkupindula. Comweco (−4) × (−4) nayenso ndi 16, ndi cuma.

Kum'mawa kulibe, kumadzulo kulibe. Nanga 0? 0 × 0 ndi 0. Pa mzere wonsewo, ngakhale muutalikitse mpaka kuphiri, muzu wa −15 palibe.

Dokotala wa ku Milan

Panapita zaka zoposa 700. M'caka ca 1545, Gerolamo Cardano, dokotala wa odwala wa mu mzinda wa Milan ku Italy, anatulutsa buku la masamu lochedwa Ars Magna. M'bukumo anayika cilape cathu comweci: kugawa 10 pawiri kuti poculukitsa patuluke 40. Anavomera kuti nzosatheka. Koma sanayime. Anangopitiriza njira ija ngati kuti muzu wa −15 ulipo, ndi kulemba milu iwiri iyi:

5 + √−15
5 − √−15

Tiyeni tiyiyese. Poyamba tiphatikize. 5 ndi 5 ndi 10. Muzu wowonjeza ndi muzu wocotsa afafanizana. Yankho ndi 10, miyala yathu yakwana. Kenaka ticulukitse potsata lamulo lija. Yambani pa 25. Muzu uculukitseni ndi iwo wokha, ubala −15. Cotsani −15 pa 25. Kucotsa ngongole nkupindula, comweco 25 akwera kufika pa 40.

Zatheka! Papepala zatheka, ngakhale palibe mwana amene anganyamule mulu wa 5 + √−15 m'manja. Cardano mwini wake sanakondwe nazo kwenikweni. Anaziwona ngati zaucenjere koma zopanda nchito, ndipo anapitirira ku zina.

Amene anawona nchito yake ndi Rafael Bombelli wa ku Bologna, ku Italy komweko. Iye anali mmisiri wa ngalande, wowumitsa madambo kuti anthu alimemo. Buku lake la masamu linatuluka mu 1572. Panali funso lina lovutirapo: pezani nambala yoti mukayiculukitsa ndi iyo yokha, nkuculukitsanso kaciwiri, ifanane ndi nambala yomweyo yoculukitsidwa ndi 15 kuwonjezapo 4. Yankho lake ndi 4, nambala wamba. Yesani: 4 × 4 × 4 ndi 64, ndipo 15 × 4 ndi 60, kuwonjezapo 4 ndi 64. Koma njira yopezera yankho, yomwe inali m'buku la Cardano, inkadutsa pa √−121. Munthu wokana mizu ya ngongole akanathera pomwepo, 4 osamuwona. Bombelli anakonza malamulo owerengera mizu yoteroyo. Atawatsata anapeza zidutswa ziwiri, 2 + √−1 ndi 2 − √−1. Ataziphatikiza, 4 uja anatulukira. Nambala yosawonekayo inamuwolotsa ngati bwato, nkumufikitsa pa nambala yowoneka.

Dzina lake ndi i

Muzu wa ngongole wosavuta kuposa yonse ndi √−1. Mu 1777 Leonhard Euler, katswiri wobadwira ku Switzerland, anawulemba ndi cilembo cimodzi, i. Ana inu mumacidziwa cilembo cimeneci: a, e, i, o, u. Lamulo lake ndi limodzi lokha:

i × i = −1

M'mbuyomo, mu 1637, René Descartes wa ku France anali atapatsa manambala otere dzina lakuti ongoganizira. Dzinalo linakanirira, ndipo pa Cipwitikizi i amati unidade imaginária. Ine ndimawona kuti dzinali linawalakwira. Kodi ngongole munayigwirapo m'manja? Koma mwini wake akafika pakhomo m'mamawa, palibe amene amati ngongoleyo njongoganizira.

Ndi i tingathe kudumpha mpanda wa 25. Mufuna 26? Tengani 5 + i ndi 5 − i. Kuphatikiza, 10. Kuculukitsa, 25 kucotsapo −1, ndiye 26. Mufuna 29? Tengani 5 + 2i ndi 5 − 2i. Apa 2i × 2i ndi −4, comweco 25 akwera kufika pa 29. Ndi 3i mufika pa 34. Ndi 4i mufika pa 41. Tsono 40 wa Cardano ali pakati pa 3i ndi 4i, pafupi kwambiri ndi 4i. Kale miyala yosamuka inkacepetsa munda ndi 1, 4, 9, 16. Tsopano i akuwonjezera ndi 1, 4, 9, 16 yemweyo.

Masewera a mbuzi ndi cikhomo

Nanga i amakhala kuti, popeza pa mzere palibe? Ana inu, bwerani kuno. Gawo ili ndi lanu.

Bwererani pa cikhomo cija. Mangani cingwe ca mapazi atatu pacikhomopo. Mmodzi wa inu akhale mbuzi. Agwire nsonga ya cingwe ndi dzanja, osati kumanga m'khosi ayi. Ayime kum'mawa, cingwe citakungika. Wayima pa 3.

Amayi anene kuti, "Culukitsa ndi −1!" Mbuzi izungulire cikhomo, cingwe cili cikungikire, mpaka ifike kumadzulo. Yayenda theka la bwalo. Yayima pa −3. Cuma casanduka ngongole. Amayi anenenso kuti, "Culukitsa ndi −1!" Mbuzi izungulire theka lotsala. Yabwerera pa 3. Mwawona ndi maso anu kuti ngongole kuculukitsa ndi ngongole ibala cuma.

Tsono nali funso. Kuculukitsa ndi −1 nkuyenda theka la bwalo. Ife tifuna ulendo woti ukayendedwa kawiri ukwane theka la bwalo. Ndi ulendo wotani umenewo? Ganizani musanawerenge kutsogolo.

Ndi theka la theka. Mbuzi icoke kum'mawa, izungulire mpaka kumpoto, iyime. Ulendo umenewo ndiye kuculukitsa ndi i. Mbuzi yayima pa 3i. Yacoka pa mzere, koma sinasowe ayi, tonse tikuyiwona. Amayi anenenso kuti, "Culukitsa ndi i!" Mbuzi icoke kumpoto, ifike kumadzulo. Yayima pa −3. Maulendo awiri a i afanana ndi ulendo umodzi wa −1. Lamulo lija lakuti i × i = −1 mwaliyenda ndi mapazi.

Pitirizani. Kacitatu mbuzi ifika kumwera, pa −3i. Kacinayi yabwerera kum'mawa kumene inayambira. Sinthanani, aliyense akhaleko mbuzi. Wolakwa njira alire "mee!"

Tinafuna i kum'mawa ndi kumadzulo, osamupeza, cifukwa tinkangoyang'ana pa mzere umodzi. Iye anali pambali. Lembani mzere waciwiri wodutsa pacikhomo, kucokera kumpoto mpaka kumwera. Tsopano malo aliwonse a pabwalo ali ndi nambala yake. 5 + 2i ndi mapazi 5 kum'mawa, kenaka mapazi awiri kumpoto. 5 − 2i ndi mapazi 5 kum'mawa, kenaka awiri kumwera. Ikani mwala pa malo onse awiriwo. Mzere wa kum'mawa udutsa pakati pawo penipeni. Mayankho a cilape cotere amabwera awiriawiri ngati mapasa, wina kumpoto wina kumwera.

Woyamba kulemba bwino maganizo amenewa anali Caspar Wessel wa ku Norway. Sanali mphunzitsi wa masamu. Nchito yake inali yoyeza malo ndi kujambula mapu, comweco tsiku lililonse ankaganiza za kutalika kwa mtunda ndi kumene walozera. Anapereka zolemba zake kwa akatswiri ku Copenhagen mu 1797, ndipo zinasindikizidwa mu 1799. Owerenga anali ocepa. Mu 1806 Argand wa ku Paris anazitulukiranso payekha. Mu 1831 Carl Friedrich Gauss wa ku Germany, amene akatswiri onse ankamumvera, anazifotokozanso, ndipo dzina lakuti números complexos likucokera pa liwu limene iye anasankha. Ndiwo manambala a zigawo ziwiri: mapazi a kum'mawa ndi mapazi a kumpoto.

Cingwe ca amisiri

Wina afunsa kuti: cabwino, milu tayiwona pabwalo, nanga njere 29 zija zili kuti? Funso labwino. Tiyankhe ndi manambala osavuta kuyeza.

Tengani miyala 8. Munda wake waukulu ndi 4 ndi 4, njere 16. Cilape cikuti tifike pa 25. Milu yake ndi 4 + 3i ndi 4 − 3i, cifukwa 16 kuwonjezapo 9 ndi 25. Tsono yendani mapazi 4 kum'mawa, kenaka 3 kumpoto. Gwiritsani nchito ndodo imodzi poyeza, kuti mapazi afanane. Ikani mwala. Kokani cingwe kucokera pacikhomo mpaka pamwalapo, muciyeze. Cikwana 5 ndendende. Ndipo 5 × 5 ndi 25. Munda wa njere 25 ulipo ndithu: ndi kwadradu amene mbali yake ndi cingweco, wogona mopingasa pabwalo. Abambo omanga nyumba za njerwa amawadziwa manambala awa, 3, 4 ndi 5, pakuti ndiwo amawongolera ngodya ya maziko. Cimodzimodzi pa 5 + 2i: kwadradu wa cingwe cake ali ndi tizigawo 29.

Kwa akulu awo a ku sekondale

Inu mumalemba cilape comweci ndi x. Mulu woyamba ndi x, waciwiri ndi 10 − x. Kuculukitsa, x × (10 − x) = 40. Mukakonza bwino mupeza x² − 10x + 40 = 0. Imeneyi ndi equação quadrática. Pa fórmula resolvente mumayamba ndi Δ = b² − 4ac. Apa Δ ndi 100 − 160, ndiye −60. Δ ikakhala ngongole mumalemba kuti palibe yankho mu IR. Nzowona, koma mawu akuti mu IR musawasiye. IR ndi mzere uja wa kum'mawa ndi kumadzulo. Pa mzere yankho palibe, pabwalo lilipo. Pitirizani fórmula: x ndi 10 kuwonjeza kapena kucotsa √−60, zonse kugawa ndi 2. Popeza 60 ndi 4 × 15, √−60 ndi 2√−15, ndipo mupeza 5 + √−15 ndi 5 − √−15, monga Cardano. Ikani 21 m'malo mwa 40. Δ ndi 16, muzu wake ndi 4, mayankho ndi 3 ndi 7, milu imene mng'ono wanu wayipeza ndi miyala. Ikani 25. Δ ndi 0, milu iwiri yafanana.

Ku Songo

Nambala yotembenuka imathandiza pa zinthu zozungulira ndi zopita uku zibwerera uko. Ku Songo, m'cigawo ca Tete, kuli damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi. Kumanga kwake kunayamba mu 1969, ndipo khoma linatha mu 1974. Madzi amazunguza makina asanu akuluakulu opanga magetsi. Magetsi otuluka m'makina otere sayenda mbali imodzi ngati madzi a mu ngalande. Amapita nkubwerera, ndipo a m'nyumba zathu amatero maulendo 50 pa sekondi imodzi. Kuwerengera magetsi otero ndi manambala a pa mzere okha nkotopetsa kwambiri. Mu 1893, Charles Steinmetz, katswiri wa magetsi ku America, anawonetsa anzake kuti números complexos amafupikitsa nchitoyo. Akatswiri a magetsi amawagwiritsabe nchito, ngakhale iwo amalemba j m'malo mwa i, cifukwa cilembo i anacipatsa kale nchito ina. Opanga wailesi ndi foni za m'manja amawerengeranso ndi manambala omwewa.

Nchito ya kunyumba

Ana: tolani miyala 6. Igaweni milu iwiri m'njira zonse, mubzale minda yake. Munda waukulu wadya njere zingati? Jambulani mundawo m'kope mwanu. Kenaka sewerani mbuzi ndi cikhomo. Mbuzi iyambire kum'mawa, iculukitse ndi i kasanu. Yayima mbali iti?

Akulu: ndi miyala 6 yomweyo, pezani milu iwiri yobala 10. Pezaninso yobala 13. Mukayipeza, muwuzeni mwana mapazi a kum'mawa ndi a kumpoto, akayike mwala pamalopo. Mapasa ake a kumwera awapeze yekha.